Chitseko Chimene Ndinachepetsera Mkazi Mnzanga

1

Dzina langa ndine Agatha, ndimagulitsa zitenje za ku Chipata mumsika wa pa Boma ku Mchinji. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kuseka, makamaka amene munali pakhomo panga Loweruka lija. Sekani, sindikuletsani. Koma nkhaniyi mwakhala mukuimva kwa anthu amene anafika mochedwa, ena sanafike n'komwe. Lero muimve kwa mwini wake.

Amuna anga, a Owen, ndi mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina pompano. Kwawo ndi ku Ntcheu, anabwera kuno ndi ntchito n'kudzandipeza ine mwana wa ku Kapondo. Samwa, sasuta, sazungulira m'tauni. Chilema chawo n'chimodzi basi: amaumira mawu. Ukawafunsa ngati ndiwo zakoma amangogwedeza mutu. Ndikhulupirira kuti ngakhale nditawauza kuti ndagulitsa ana athu onse awiri, angagwedeze mutu n'kupitiriza kuchonga makope.

Tsiku lina m'mwezi wa Julayi, ndikuchokera kumsika, ndinapeza m'mbali mwa nyumba yathu, pamene ndinkabzala mpiru, atakumbapo maziko. Njerwa mulu, mchenga mulu. Pakati pa zonsezo panaima bambo wamfupi, wa kamimba kotsogola, pensulo ili kukhutu. Amenewo anali a Kefasi, mmisiri amene anagwirapo ntchito ku Chipata ndipo salola kuti munthu aiwale zimenezo.

Ndinalowa m'nyumba.

"Bambo a Pemphero, kukumbaku n'kwa chiyani?"

"Tikuwonjezera kachipinda."

"Ka ndani?"

"Mudzaona."

Poyamba sindinadandaule. Ndinkati mwina ndi ka ana, poti akukula. Koma khoma litafika m'chiuno ndinayamba kuona zachilendo. Chipindacho chinalibe khomo lolowera m'nyumba mwathu. Khomo lake linali lakunja, lalikulu ngati la golosale. Mkati mwake a Kefasi anali atadula kale malo a bafa ndi chimbudzi chakechake.

Ndinakamuuza Felista, mnzanga wogulitsa nsapato za kaunjika pafupi ndi benchi yanga. Anaika pansi nsapato imene ankapukuta n'kundiyang'ana ngati ndamuuza za maliro.

"Agatha, chipinda chokhala ndi khomo lakelake si chipinda ayi. Limenelo ndi banja."

"Iwe, a Owen sangatero."

"Ofatsawo ndiye oopsa. Olongolola amathera pakamwa. Usawafunsenso, angabise. Kafunse mmisiri. Palibe mmisiri amene amasunga chinsinsi pamaso pa nkhuku."

2

M'mawa mwake sindinapite kumsika. A Owen atangonyamuka kupita kusukulu, ndinagwira nkhuku yachikuda n'kuipha. Masana ndinawaitana a Kefasi pakhonde, thobwa lozizira lili pambali.

"Madamu, lero ndi Khirisimasi?"

"Idyani, a Kefasi, ntchito yanu ndi yolemetsa. Koma chipindachi mukuchimanga bwino. Mwini wake adzasangalala."

"Eee, adzasangalala zedi."

"Paja ndi ndani?"

Anasiya kutafuna. "Madamu, abwana anandilumbiritsa. Ku Chipata ndinamangapo nyumba ya munthu wamkulu kwambiri, mpaka lero dzina lake sindinaulule."

Ndinawawonjezera ntchafu ina. Anaiyang'ana, nayonso inawayang'ana.

"Dzina sindikulidziwa," anatero motsitsa mawu. "Koma ndi amayi ena ake. Athupi ndithu. N'chifukwa chake khomo lakula chonchi, abwana akuti asamavutike polowa. Windo akuti liyang'ane kumsewu, poti amayiwo amakonda kuona anthu odutsa. Ndipo anandiuza kuti, a Kefasi, pamenepa musalakwitse, amayi amenewa ndimawaopa komanso ndimawakonda."

Zaka zonse ndakhala ndi a Owen sanandiuzepo kuti amandikonda, kupatula tsiku la ukwati pamene abusa anachita kuwauza mawu oti anene. Lero akukauza mmisiri za mzimayi wina!

Madzulo a tsiku lomwelo ndikuanula zovala, ndinawamva kuseri kwa mtengo wa mango akuyankhula pafoni. Chipewa anali atavula, atachigwira pachifuwa, ngati munthuyo akuwaona.

"Ayi, musade nkhawa, sakudziwa chilichonse. Matilesi ndagula kale, ofewa bwino, poganizira msana wanu uja."

Msana! Za msana wa mzimayi wina akuzidziwa bwanji? Ndinaluma malaya awo amene ndinanyamula kuti ndisakuwe. Mpaka lero pakolala pali zipsera za mano anga.

3

Munthu zikamuthina amathawira kwa amake. Mayi anga, a Nambewe, ankakhala okha ku Kapondo chimwalirireni bambo, akulima mtedza ndi kukangana ndi aliyense wodutsa pamunda pawo. Ndinawaimbira ndikulira.

"Mayi, banja langa latha. A Owen akumangira mzimayi wina chipinda pakhoma la nyumba yanga."

Mayi anangofunsa kuti, "Chachikulu bwanji?"

"Chiyani?"

"Chipindacho. Bedi ndi mipando zingakwanemo?"

"Mayi, ndikukuuzani kuti ndikulandidwa mwamuna, inu mukufunsa za mipando?"

"Ndangofunsa. Nanga pansi aika simenti yosalala kapena yokhakhala? Yosalala imagwetsa anthu."

"Agwe kumene! Athyoke mwendo!"

"Iwe Agatha, pakamwa pako! Mzimayi wosamudziwa ukumutemberera chifukwa chiyani? Mwina ndi munthu wabwino. Mwina adzakuthandiza kulera ana. Usiye mwamuna wako amange, ndipo manja ako asakhudzepo."

Ndinadula foni. Ndinati mumtima, ukalamba ndi matenda ndithu. Mayi wondibereka akuikira kumbuyo mkazi mnzanga!

Ndinaimbiranso mlongo wanga Lonjezo, yemwe ndi nkhoswe yanga. Iyeyo anangoti, "Alongo, dekhani, chakudza sichiimba ng'oma," kenako anayamba kutsokomola modabwitsa. Panthawiyo ndinkayesa chimfine. Pano ndikudziwa kuti kunali kuseka.

Choncho ndinatsala ndi Felista yekha.

"Abale ako agulidwa," anatero. "Koma usalire. Amuna ako sapita kukachonga mayeso chaka chino?"

"Apita sabata yamawa. Akakhalako mwezi wathunthu."

"Ndiye ukulira chiyani? Mzimayiyo akufuna chipinda. M'patse chipinda choti akagonamo kamodzi adzapempha yekha thiransipoti yobwerera kwawo."

4

A Owen ananyamuka Lolemba ndi kachikwama kawo. Lachiwiri m'mawa ndinapita kwa a Kefasi nditanyamula tiyi wamkaka ndi mbatata.

"Abwana aimba. Akuti pulani yasintha."

"Yasintha pati, madamu?"

"Khomo lakula kwambiri, muzilowa mphepo. Akuti muchotse felemu imeneyo, muikepo kaja kanatsala pa kasitolo ka makala."

A Kefasi anakanda m'mutu ndi pensulo. "Koma madamu, amayi aja ndi athupi."

"Anaonda."

"Mwadzidzidzi chonchi?"

"Matenda a masiku ano simukuwadziwa?"

Anapukusa mutu mwachisoni, n'kumwa tiyi, n'kuyamba kugumula. Pofika madzulo khomo linali litasanduka kampata. Ndinayesa kulowa ine, munthu wochepa thupi, mapewa anakhudza uku ndi uku. Mtima unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chiyambireni nkhaniyi.

Zoipa zimakoma ukaziyamba. Patapita masiku ndinabweranso, ulendo uno ndi mpunga wa nyama yambuzi.

"Abwana aimbanso. Windo lisayang'ane kumsewu, kuli fumbi. Liyang'ane uku."

"Uku kuli khola la nkhumba za a Kwacha, madamu."

A Kwacha ndi aneba athu, ndipo nkhumba zawo zimamveka fungo ngakhale uli ndi chimfine.

"Amayiwo amakonda ziweto," ndinatero.

Itafika nthawi yokhoma denga, malata atsopano amene a Owen anagula ndinawabisa kwa Felista. A Kefasi ndinawapatsa akale amene tinachotsa pakhitchini, obooka ngati sefa. Ndinaimirira pansi n'kumawalozera kuti lobooka kwambiri likhale pamene padzakhale mutu wa bedi. Apa ndinaona kuti akayikira, koma fungo la chambo chimene ndinkakazinga linawafika padenga pomwepo.

"Ku Chipata timasiyanso timabowo," anadzitonthoza okha. "Ndi ta mpweya."

Chomaliza chinali penti. A Owen anasiya ya buluu wowala. Ine ndinakatenga yakuda, ija amapaka m'munsi mwa khoma, n'kuwauza kuti apake chipinda chonse, kuyambira pansi mpaka kudenga. Atamaliza, a Kefasi anatuluka cham'mbali pa kakhomo kaja akuphethira ngati atuluka m'dzenje.

"Madamu, ndifunseko. Ichi chikhala chipinda kapena mochale?"

"Ndi sitayilo ya ku Lilongwe."

"Ooh," anatero. "Ku Chipata sinafike."

Lachinayi la sabata yomaliza a Owen anaimba zenizeni.

"Mayi a Pemphero, Loweruka ndikubwera, koma ndidzera kwina kukatenga mlendo. Chipinda chatha?"

"Chatha bwino kwambiri."

"Mwandithandiza. Muphe tambala uja."

Tambala wanga, wodyetsa ndekha, adye mkazi mnzanga! Ndinayankha mwaulemu kuti chabwino, kenako ndinazungulira nyumba za amayi a kumpingo kwathu kuwauza kuti Loweruka abwere adzaone okha zimene a Owen, munthu wowerenga mawu patsogolo, akuchita. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati watanganidwa.

5

Loweruka pofika masana pakhomo panga panali podzaza ngati pali chinkhoswe. Amayi a kumpingo anakhala pamphasa atavala zitenje zofanana, akuimba nyimbo motsitsa. Ena amene sindinawaitane anaima kumpanda. A Kwacha anabwera ndi mpando wawo. A Kefasi ankamalizitsa kupaka laimu panja pa chipinda chija, ndowa ili pafupi ndi khonde.

Cholinga changa, Mulungu ndi mboni, chinali chaulemu. Ndinkafuna kungoimirira n'kunena kuti, bambo a Pemphero, auzeni anthuwa kuti mayiwa ndi ndani. Mawu ndinali nditawakonza bwinobwino, Felista atandiyesa kangapo.

Kenako kalole kanakhota pa msewu wathu, katadzaza mpaka pamwamba. Matumba, mipando, mtondo, madengu, ndi mbuzi zomangirira kumbuyo.

"Wabwera ndi mbuzi zomwe!" anatero Felista. "Ameneyu sakudzacheza ayi."

A Owen sanakhale kutsogolo. Anali pamwamba pa matumba, fumbi lili mbuu m'mutu. Galimoto itangoima anadumpha, n'kuthamangira ku chitseko chakutsogolo, n'kutsegula. Kenako, anthu inu, anagwada. Anagwada pafumbi n'kuwomba m'manja. Amayi onse anati "Hii!" nyimbo n'kudukira pakati.

Kunatuluka phazi lovala nsapato yofiira. Kenako diresi lonyezimira ngati pepala la switi. Kenako mzimayi yense, wathupi monga ananenera a Kefasi, wigi yofiirira yofika m'mapewa, magalasi akuda otseka theka la nkhope, mpango atatseka nawo pakamwa ndi mphuno chifukwa cha fumbi. Anaima n'kuyang'ana nyumba yanga uku ndi uku ngati waigula.

Mawu onse amene ndinakonza anauluka. Sindikumbuka kuti ndowa ya a Kefasi ndinainyamula nthawi yanji. Ndimangokumbuka kulemera kwake, ndi mawu a Lonjezo, amene anatulukira kuseri kwa mbuzi akukuwa kuti, "Alongo, ayi!"

Khuvuu!

Laimu yense anathera pa mzimayiyo, kuyambira pa wigi mpaka pa nsapato zofiira. Anayera mbuu ngati wagona kuchigayo.

Mzimayiyo sanakuwe. Anachotsa wigi pang'onopang'ono n'kuifinya. Anamasula mpango. Pomaliza anavula magalasi, ndipo pankhope yoyerayo panatsala mabwalo awiri akuda, mkati mwake muli maso amene ndakhala ndikuwaopa chibadwire.

"Agatha," anatero. "Ndinakuyamwitsa ine."

Anali mayi anga.

Ndinangopezeka ndakhala pansi ndowa ili pamiyendo. Nditacheuka kuti Felista andigwire, panali pataphwa. Mpaka lero sindidziwa kuti anadutsira pati, chifukwa geti linali lotsekedwa ndi galimoto.

Mayi anatembenukira kwa a Owen, amene anali chigwadire.

"Bambo, ndinanena ine kuti mwana uyu musamuuze kanthu, angasokoneze. Onani, osamuuza wasokoneza chonchi. Nanga tikanamuuza, si bwenzi atagwetsa nyumba?"

Lonjezo ndi amene anafotokozera anthu. Chimwalirireni bambo ndinkalira kawirikawiri kuti mayi ali okha kumudzi, msana ukuwavuta, palibe wowatungira madzi. Ndikawapempha kuti adzakhale nafe ankakana, amati sangalowere khomo limodzi kapena kusamba bafa limodzi ndi mkamwini, n'zosayenera. Ine ndinagwa ulesi n'kuisiya nkhaniyo. A Owen sanaisiye. Anapita okha ku Kapondo kukagwada, ndipo mayi anavomera pokhapokha atamangiridwa chipinda cha khomo lakelake, komanso ine ndisadziwe mpaka tsiku lofika. Wigi ndi magalasi anawaveka ndi mkazi wa Lonjezo, ati munthu wosamukira pa Boma asafike ngati wodzagulitsa mtedza.

6

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa. Amayi a kumpingo anawapukuta mayi ndi zitenje zawo, ena akundiyang'ana cham'mbali. Ine ndinali ndikupepesa, misozi ili chuchuchu, pamene mayi ananena mawu amene ndinkawaopa.

"Basi, zachitika. Ndionetseni chipinda changa ndikasinthe."

"Mayi, yambani mwadya," ndinatero. "Tambala wapsa."

"Ndidye ndili ngati chipupa? Tiyeni, bambo."

A Owen anatsogola monyadira. Atakhota pakona ya nyumba anaima. Anayang'ana kakhomo kaja, anayang'ana a Kefasi, anayang'ananso kakhomo. Koma mayi ndi munthu wosadikira. Anawadutsa, n'kutembenuka cham'mbali, n'kulowetsa phewa ndi mutu. Chifuwa chinadutsa movutikira. Pofika m'chiuno, gwa!

Anayesa kupita kutsogolo, ayi. Kubwerera, ayi. Theka la mayi linali mkati, theka lili kunja ndi ife. Kenako mawu awo anamveka kuchokera mumdima uja.

"Kodi ndafa?"

"Simunafe, mayi!"

"Nanga mdimawu? Ndani wandimangira manda ndili moyo? Ndipo chikununkha n'chiyani?"

Ngati zamva kuitana, nkhumba za a Kwacha zinayankha pawindo.

Amayi a kumpingo anagwira miyendo n'kuyamba kukoka, wina akuwerengera ngati akukoka ngolo yotitimira. Mayi anakuwa kuti awathyola. Wina anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi mafuta anga ophikira, tinawapaka m'chiuno ndi pafelemu, koma anangoterera pang'ono n'kuthinanso kuposa kale. A Kwacha anapereka nzeru yoti tiwasiye osadya mpaka mawa, mwina aphwa. Mwendo wa mayi unawapeza pabondo ngakhale mwini wake sankawaona.

Pomaliza a Kefasi anatenga hamala ndi tchizulo n'kuyamba kugumula njerwa kuzungulira felemu. Fumbi linali koboo. Patapita kanthawi felemu inazuka yonse, ndipo mayi anabwerera chambuyo n'kuima pabwalo, oyera ndi laimu, onyezimira ndi mafuta, felemu ya chitseko ili m'chiuno. Anachita kuidula ndi sowo.

Felemu itagwa a Owen anafunsa mofatsa.

"A Kefasi, khomo limene ndinakuuzani ndi limeneli?"

Ndinawayang'ana a Kefasi ndi maso opempha. Ndinawakumbutsa ndi maso omwewo za nkhuku, mbuzi ndi chambo. Koma zonsezo zinali zitagayika kale.

"Bwana, madamu anati mwaimba. Anati amayi aja anaonda."

"Ndinaonda liti?" anafunsa mayi.

"Anatinso mumakonda ziweto. Za malata obooka ndinakayikira, koma..."

"Malata obooka?" anatero a Owen, akuyang'ana kumwamba.

Anthu anaseka mpaka ena kugona pamphasa. Mayi anandiloza ndi chala chamafuta.

"Safunsa anadya phula, koma iwe wadya ndi njuchi zomwe. Kuyambira Lolemba kumsika usapite. Ukhala wothandiza mmisiriyu. Njerwa iliyonse imene unachotsetsa uinyamula pamutu pako."

7

Kuseka kwa anthu sikunandipweteke ngati zimene zinachitika onse atabalalika. Dzuwa likupendeka, a Owen anandipeza ndikutsuka ndowa ija kuseri kwa nyumba. Anayankhula mawu ambiri kuposa amene ndinawamvapo kwa iwo.

"Mayi a Pemphero, ndikanakhala ndi mkazi wina, ndikanamumangira pakhoma la nyumba yanu? Masamu amenewo ndi a kuti?"

"Mukanandiuza, bambo."

"Ndinalonjeza apongozi. Mwina pamenepo ndinalakwa. Koma nthawi yonseyi mumandipatsa madzi osamba mukumwetulira, kumtima mukundiona ngati wakuba. Ine ndimathamangira kunyumba kudzaona khoma likukwera, ndikuganiza mmene mudzasangalalire."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangolowa m'nyumba n'kutenga bulangete ndi makope awo. Popeza mayi anayenera kugona kuchipinda kwa ana mpaka chawo chitakonzedwa, a Owen anati sangagone denga limodzi ndi apongozi, mwambo ndi mwambo. Anasamukira m'chipinda chakuda chija, pakhomo atatchinga ndi chiguduli.

Masabata otsatira ndinali wantchito wa a Kefasi. Ndinkaponda matope, kusefa mchenga, kukankha wilibala, makasitomala anga a zitenje akudutsa dala pamsewu kudzandipatsa moni. Mayi ankakhala pampando pansi pa mango akuyang'anira, akusenda mtedza. A Kefasi, amene kale ankanditcha madamu, anayamba kukuwa kuti, "Matope kuno!" A Owen ankandiyankha moni ndi mutu wokha. Ndinazindikira kuti kugwedeza mutu kwawo kuli mitundu iwiri, ndipo uku kunali kozizira.

Tinayamba ndi khomo, kenako windo. Denga tisanalifike, Lamulungu lina masana titabwerako kutchalitchi, mvula yoyamba inagwa, ya mkokomo. Ndinakumbuka malata aja. Ndinathamanga n'kukankha chiguduli.

Ndinawapeza atakhala pa matilesi, ambulera ili m'dzanja lamanzere, cholembera chofiira kumanja, akuchonga makope. Kuzungulira ponse anali atatchera mapoto anga, mabeseni ndi makapu, chilichonse chikulira mawu akeake. Madzi ankayenderera m'makoma akuda aja.

Ndinakhala pambali pawo, pansi pa ambulera. Sanasunthe, koma sanandithamangitse.

"Bambo a Pemphero, ndinalakwa. Ndinamvera mantha anga ndi pakamwa pa anthu, inu ndinakusiyani. Mundikhululukire."

Anamaliza kuchonga tsamba limene anali nalo. Kenako anapendeketsa ambulera pang'ono, dontho lalikulu n'kugwera pa pilo penipeni. Analiyang'ana kanthawi.

"Bowo ili lili pamutu ndendende," anatero. "Munayeza bwino. Ana anga a Folomu 4 sangathe."

Ndinayamba kuseka ndikulira, iwonso anaseka, kuseka kwenikweni kogwira pamimba, mpaka ambulera inagwa tonse n'kunyowa. Kuchokera m'nyumba yaikulu tinamva mayi akukuwa kuti mapoto abwerere, akufuna kuphika.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, sindikuuzani kuti amuna onse ndi a Owen. Ena akamakumba maziko m'mbali mwa nyumba, thamangani ndithu mukaitane ankhoswe. Koma nsanje ndi mmisiri wachangu kwambiri. Ine inandimangira mzimayi wathunthu, ndi nkhope yake, ndi mayendedwe ake, ndinkamuda mpaka kulephera kudya, pamene munthuyo kunalibe. Ndipo inu abambo okonda zodzidzimutsa, dziwani kuti mkazi amene simukumuuza kanthu sakhala chete m'mutu. Amadzaza yekha pamene mwasiya.

Mayi ali m'chipinda chawo tsopano, cha buluu, ndipo msana wawo wayamba kupezako bwino. Iwo ndi mkamwini wawo amacheza atatalikirana, wina pakhonde wina pansi pa mango, nkhani yake nthawi zambiri ndi ine. Felista anabwera patapita mwezi kudzandiuza kuti iye anakayikira kuyambira pachiyambi. Kumsika dzina la Agatha linafa. Mukafika pa Boma n'kufuna chitenje chabwino, musavutike ndi kufunsa zambiri. Ingonenani kuti mukufuna kwa a Injiniya. Ngakhale wakabaza wobwera dzulo akufikitsani.